Ntchito ya marketing imayambira pa beseni la mandasi kuseri kwa kalasi

Belu la buleki likalira pa sekondale yoyendera, ana amathamangira pansi pa mtengo pamene pamakhala amayi ogulitsa zakudya. Mupezapo amayi atatu kapena anayi, aliyense ndi beseni lake la mandasi. Fulawa ndi yemweyo, mafuta ndi omwewo, mtengo ndi umodzi. Koma mukakhalapo sabata yathunthu muona kuti beseni limodzi limatha belu lisanalirenso, pamene amayi enawo amabwerera kwawo ndi mandasi ozizira. Funso loti "bwanji akugula kwa awa, osagula kwa awo?" ndilo limadyetsa anthu onse a ntchito ya marketing, kuyambira mnyamata wovala malaya a kampani pa msika wa Lunzu mpaka bwana wa mu ofesi ku City Centre ku Lilongwe. Mwana wa fomu 2 amene anadzifunsapo funso limeneli anayamba kale maphunziro a ntchitoyi, ngakhale palibe mphunzitsi amene adzamupatse malikisi.

Yankho lake silikhala limodzi. Mwina mayiyo amakhala pafupi ndi khomo limene a fomu 4 amatulukira. Mwina amabwera mandasi akadali otentha chifukwa amakazinga mochedwerako dala. Mwina amadziwa mayina a ana, amakongoza amene amawakhulupirira, kapena amaponyera kabanyira kwa wogula asanu. Zonsezi zili ndi mayina ake m'mabuku a ku koleji, koma mayiyo sanawawerenge.

Tiyambe tamvana tanthauzo, chifukwa ambiri akamva mawu akuti marketing amaganiza za galimoto ya zimkuzamawu ndi atsikana ovina pamwamba pake. Kumeneko n'kutsatsa malonda, ndipo ndi kachigawo chabe. Kugulitsa nako ndi chigawo china: wogulitsa amapatsidwa katundu amene alipo kale n'kuuzidwa kuti amupezere ogula. Wa marketing ntchito yake imayamba katunduyo asanapangidwe. Amafufuza kuti anthu akusowa chiyani, angakwanitse ndalama zingati, amagula kuti ndiponso liti, amamvera ndani, kenako amathandiza kampani kupanga chinthu chogwirizana ndi zimenezo. Mu 1960 mphunzitsi wina wa ku America, E. Jerome McCarthy, anaika ntchito yonseyi m'magawo anayi amene amaphunzitsidwa mpaka lero: chinthu chenichenicho, mtengo wake, malo ochipezera, ndi njira yochidziwitsira kwa anthu. M'Chingerezi mawu onse anayi amayamba ndi P, n'chifukwa chake mumamva ophunzira akungoti ma 4P. Bwererani kwa mayi wa mandasi uja: kutentha kwa mandasi ndi chinthu, banyira ndi ngongole ndi mtengo, pakhomo la fomu 4 ndi malo, kuitana ana ndi mayina ndiko kutsatsa kwake.

Msika wa mu hositelo

Amene anaphunzira sukulu yogonera konko amadziwa kuti teremu ili ndi nyengo zake ngati chaka cha mlimi. Masabata awiri oyamba aliyense ndi bwana. M'sutikesi muli Sobo, shuga, chiponde, mabisiketi, ndipo nyemba za ku dayiningi anthu amazinyoza. Pofika sabata yachisanu kamba watha, mgaiwa uja wayamba kukoma, ndipo supuni imodzi ya shuga yothira m'phala yasanduka chuma. Tsiku loti makolo abwere kudzaona ana likadutsa, ndalama zimabweranso kwa masiku ochepa, kenako njala ya kumapeto kwa teremu imalowa.

Pa sukulu imene ndinaphunzira ine panali mnyamata wina amene anaiwerenga kalendala imeneyi kuposa tonsefe. Shuga wake sankamukhudza kumayambiriro. Ankadikira mpaka ife titatha wathu, ndiye n'kuyamba kugulitsa pa supuni. Paketi imene akanaigulitsa yathunthu n'kupindulapo pang'ono ankaigulitsa supuni ndi supuni mpaka kutulutsamo ndalama zogulira mapaketi awiri. Tinkamunena kuti ndi woumira, komabe tinkagula. Malamulo a sukulu sankalola geni mu hositelo, ndipo sindikuuza mwana aliyense kuti akaswe lamulo. Ndikungonena kuti mnyamatayo anatulukira yekha mfundo imene makampani akuluakulu amailipirira akatswiri: munthu wa ndalama zochepa safunsa kuti kilogalamu ndi zingati, amafunsa kuti "ndi ndalama ndili nayoyi mundipatsa chiyani?"

Yendani m'misika ya ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi muone mfundo yomweyi ikugwira ntchito. Ufa wa walkman, mafuta ophikira a m'timachubu, sopo wodula pakati, tomato wa pa mulu, mabandulo a intaneti a tsiku limodzi: zonsezi ndi supuni ya shuga ija. Wogula amalipira zambiri mukawerengera bwinobwino, ndipo nthawi zambiri iye amadziwa, koma m'thumba mwake muli za lero zokha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, patangodutsa chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu May 2022, funso limene linavutitsa aliyense wogulitsa linali lomweli: tikweze mtengo, kapena tichepetse katundu mtengo n'kukhala womwewo? Mayi wa mandasi anayankha kalekale. Mandasi amachepa thupi, mtengo n'kudikira kaye.

Palinso nkhani ya ngongole. Wogulitsa mu hositelo amaphunzira msanga kuti mnzake wa pamtima ndiye amavuta kulipira, ndiponso kuti akakana kukongoza aliyense malonda amaima pakati pa teremu. Amayamba kusiyanitsa anthu: uyu makolo ake amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kumapeto kwa mwezi, uyu amadikira mpaka fodya agulitsidwe, uyu akakongola amasamukira hositelo ina. Ku ntchito adzakumana nazo zomwezi, kungoti mayina adzakhala a magolosale ndi maokala.

Mwana wa ku CDSS asaganize kuti izi zamudutsa. Kunena zoona iye ndiye ali patsogolo. Ambiri mwa ana oyendera amati akaweruka amakakhala pa benchi ya amayi awo, amakapikula tomato Loweruka, amayenda ndi mafilizesi m'nyengo yotentha, kapena amathandiza achimwene awo pa chiwaya. Mwana wotere amadziwa kunenerera, amadziwa nkhope ya kasitomala amene akungofunsa mtengo ndi ya amene wabwera ndi ndalama, amadziwa kuti mvula ikagwa malonda a chakuti amafa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amachita nazo manyazi. Pa intavyu amabisa zoti anagulitsapo zitumbuwa, n'kumalankhula za zimene analoweza m'buku, pamene wofunsayo akufuna munthu amene anaimapo padzuwa ndi katundu wosagulika.

Masamu amene ankaoneka opanda ntchito

Ana ambiri amene amalota za marketing amatero pothawa masamu. Amamva kuti ndi ntchito ya anthu olankhula bwino ndi ovala bwino. Akafika pa ntchito amapeza kuti theka la tsiku limathera pa manambala, ndipo si manambala ovuta ayi, ndi maperesenti a fomu 1 ndi fomu 2 omwe aja.

Tiyerekeze kuti mwapikula chinthu pa K800 ndipo mukugulitsa K1,000. Phindu ndi K200. Mukaliyeza ndi ndalama imene munapikulira, ndi 25 peresenti. Mukaliyeza ndi mtengo wogulitsira, ndi 20 peresenti. Manambala awiriwa amasokoneza anthu akuluakulu omwe. Tsopano abwana anene kuti malonda akuyenda pang'onopang'ono, titsitse mtengo ndi 10 peresenti yokha. Zikumveka zochepa. Koma mtengo ukafika K900, phindu latsika kuchoka pa K200 kufika pa K100, ndiye kuti ladulidwa pakati. Kuti mupeze ndalama imene munkapeza kale muyenera kugulitsa katundu wowirikiza kawiri. Mukatsitsa ndi 20 peresenti mukugwira ntchito yaulere. Munthu amene sangaone zimenezi pa kapepala mkati mwa mphindi imodzi akhoza kudzaza sitolo ndi makasitomala kwinaku akugwetsa kampani.

Phunziro la Agriculture, limene ena amaliona ngati la khasu basi, lili ndi mitu ya bajeti ya pa munda ndi ya kagulitsidwe ka zokolola. M'menemo mwana amaphunzira kuwerengera kuti ayenera kukolola ndi kugulitsa zochuluka bwanji kuti angobweza zimene analowetsa. Amaphunziranso chifukwa chake mtengo wa chimanga umagwa mu May n'kukwera mu January. Chidziwitso chimenechi n'chamtengo wapatali m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse akukhala kumudzi. Ndalama za anthu amenewa zimabwera ndi nyengo. Malata, njinga, mawailesi ndi ma solar amayenda anthu akakolola, pamene misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu yatsegulidwa. Mbewu ndi feteleza zimafunidwa mvula ikayandikira. Mu February, pamene nkhokwe zili mbee, wotsatsa malata akungotaya ndalama za kampani. Mwana amene anakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji safunika kuuzidwa zimenezi; amangofunika kuzindikira kuti zimene akudziwazo ndi katundu wogulitsika.

Mutu wa statistics m'masamu nawo ambiri amaudumpha. Komatu m'menemo ndi mmene muli kusiyana kwa avereji ndi nambala ya pakati, imene imakhala pakatikati mukandandalika manambala onse kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. M'kalasi la ana 60, ana atatu a makolo olemera akhoza kukweza avereji ya ndalama za m'thumba mpaka kuoneka ngati kalasi lonse lili bwino. Woika mtengo potengera avereji imeneyo adzagulitsa kwa atatu okhawo.

Chichewa chimene tinkalangidwa nacho

Apa ndiye pali nkhani imene imandipweteka. Pa masukulu ambiri, kulankhula chilankhulo cha kwanu kunali mlandu. Ukagwidwa ukulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao unkapatsidwa chikwakwa kapena kukolopa. Cholinga chinali chabwino, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sutenga. Koma zotsatira zake n'zakuti ana ochenjera ambiri anatuluka akuganiza kuti phunziro la Chichewa n'lotayitsa nthawi, ndipo lero ndi omwewo amene amalemba uthenga wa malonda m'Chingerezi n'kuupereka kwa wina kuti "angoutembenuza." Mumaumva pa wailesi uthenga wotere. Mawu onse ndi a Chichewa, koma palibe munthu wa ku Dowa amene amalankhula choncho.

Onani mayina amene anagwira mitima ya anthu. TNM itayambitsa ntchito yotumiza ndalama pa foni inaitcha Mpamba, mawu amene wa geni aliyense amawatchula tsiku ndi tsiku. Bungwe la zaumoyo la PSI litabweretsa makondomu mu 1994 linawatcha Chishango, ndipo dzinalo linalola anthu kugula chinthu chochititsa manyazi osachitchula. Maneti ake linawatcha Chitetezo. Kampani ya Seed Co ili ndi mbewu za chimanga zokhala ndi manambala, koma mlimi akafika pa sitolo sanena nambala. Amati akufuna Kanyani, Mkango kapena Njobvu, ndipo nyamazo zimamuuza kale kanthu: kanyani ndi kachangu, kocha msanga, njobvu imatenga nthawi koma ndi yaikulu. Amene anaganiza zimenezi ankadziwa kuti wogula wake mwina sawerenga, koma nthano za nyama anakula nazo.

Luso limeneli limachokera m'kalasi la Chichewa: miyambi, zining'a, ndagi, ndakatulo, kudziwa kuti mawu awa ndi aulemu ndipo awa ndi achipongwe, kudziwa kuti mawu amodzi akhoza kukhala abwinobwino ku Lilongwe koma otukwana ku Mangochi kapena ku Karonga. Uthenga wa pa wailesi umakhala wa masekondi 30 kapena 60. Woulemba amafunika khutu la wandakatulo, lomva pamene chiganizo chalemera ndi pamene chikuvina. Ndipo wailesi ikadali mfumu kumudzi. Kuwonjezera pa MBC ndi Zodiak, pali mawailesi a m'madera monga Mudziwathu ku Mchinji ndi Dzimwe ku Mangochi, amene omvera ake amafuna kumva munthu wolankhula ngati mnansi wawo. Wodziwa zilankhulo ziwiri kapena zitatu za m'dziko muno, zimene sukulu yogonera imaphunzitsa mwaulere pokusakanizani ndi anzanu a zigawo zonse, ali ndi chida chimene digiri siipereka.

Chingerezi nacho chili ndi gawo lake, makamaka mbali imene ana amadana nayo: kufupikitsa nkhani ndi kulemba manotsi. Kutenga ndime ya mawu 400 n'kuisandutsa mawu 80 osataya mfundo ndi ntchito imene wa marketing amachita tsiku lililonse, polemba lipoti kwa abwana amene alibe nthawi, kapena posankha mawu asanu oti akwane pa chikwangwani cha pa msewu wa Masauko Chipembere, chimene woyendetsa galimoto amachiona kwa masekondi atatu.

Zochitika za Loweruka

Makalabu amathandiza, koma osati mofanana, ndipo osati m'njira imene anthu amaganizira. Sewero, monga la mpikisano wa ATEM (bungwe loona za kaphunzitsidwe ka Chingerezi) umene wakhala ukuchitika m'masekondale kwa zaka zambiri, limaphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: holo imakuuza pompopompo ngati wagwira kapena waphonya. Nthabwala imene inakuseketsani pokonzekera ikhoza kugwa pansi anthu ali duu. Mwana amene zinamuchitikirapo amasiya kukhulupirira kuti chimene chamusangalatsa iye chisangalatsa aliyense. Mtsutso umaphunzitsa china. Ukapatsidwa mbali imene sugwirizana nayo, umakakamizika kulowa m'mutu mwa munthu woganiza mosiyana nawe, ndipo ndi mmene wa marketing amakhalira moyo wake wonse: mnyamata wa zaka 25 akuganizira zimene mayi wa ana anayi amafuna mu sopo wochapira.

Koma sukulu yeniyeni ya ntchitoyi ndi ya amene amakonza zochitika, osati amene amaonekera kutsogolo. Tengani pulifekiti wa zisangalalo, kapena komiti yokonza variety show yopezera ndalama za ulendo wa kalabu. Tiyerekeze kuti zida zoimbira abwereka pa K60,000, mapepala ndi zina zatenga K10,000. Akaika pakhomo K500, afunika anthu 140 kuti angobweza ndalamazo. Wina mu komiti anena kuti K500 yachuluka, tiike K300. Pamenepo afunika anthu 234, ndipo ngati holo imalowa anthu 200, aluza chionetsero chisanayambe. Kenako pali kusankha tsiku: likhale pafupi ndi pamene makolo abwera, lisagundane ndi mpira, lisakhale sabata ya mayeso. Pali kukopa sukulu ya atsikana kapena ya anyamata yoyandikana nayo, chifukwa aliyense amadziwa kuti alendo akabwera holo imadzaza. Pali kupempha chilolezo kwa ahedi, amene ayenera kuuzidwa nkhaniyo m'njira yosiyana ndi mmene mwauzira a fomu 1. Mwana wa zaka 17 amene wadutsa m'zonsezi wachita kale kampeni yathunthu.

Kalata yopempha thandizo kwa mwini golosale wa pa trading centre ndi phunziro lina. Ana ambiri amalemba zodandaula: ndife osauka, tithandizeni. Wochenjera amalemba zimene mwini golosaleyo apindule: dzina lanu litchulidwa pa chimkuzamawu, zakumwa zonse tigula kwa inu. Umu ndi mmene thandizo la makampani limayendera ngakhale pamwamba. Timu imodzi yomweyo ya ku Blantyre yakhala ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenako FCB Nyasa Big Bullets. Anzawo a Wanderers adutsa m'mayina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Kampani ikaika ndalama mu timu imakhala ikugula malo m'kamwa mwa owulutsa mpira ndi m'mitima ya ochemerera. Mwana wokonda mpira akayamba kufunsa kuti kampaniyo ikupezapo chiyani, mpirawo wasanduka kalasi.

Pamene sukulu imapotoza

Si zonse za ku sekondale zimene zimathandiza. Zina mwana amayenera kudzazivula ngati yunifolomu.

Choyamba ndi chizolowezi choti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, lolembedwa kale m'manotsi a aphunzitsi, ndipo ntchito yako ndi kuloweza n'kukalibweza kwa a MANEB. Msika sumayenda choncho. Uthenga umene unagwira chaka chatha ukhoza kulephera chaka chino, ndipo njira yokha yodziwira ndi kuyesa pang'ono, kuona zotsatira, n'kusintha. Mwana amene anazolowera kuti kulakwa ndi manyazi amaopa kuyesa. Apa labotale ya sayansi, kwa amene sukulu yawo inali nayo, imathandiza kuposa Business Studies: umasintha chinthu chimodzi, zina zonse n'kuzisiya momwemo, ndiye n'kuona chimene chasintha.

Chachiwiri ndi kutamanda olongolola. Pa sukulu, amene amatchuka ndi wa pakamwa, ndipo aliyense amamuuza kuti "iwe ndiye udzakhale wa marketing." Ine ndaona kuti nthawi zambiri amene amapita patali ndi uja wachete amene ankadziwa nkhani za aliyense chifukwa anthu ankamasuka naye. Kafukufuku wa msika ndi kumvetsera. Umakhala ndi amayi asanu ndi atatu pansi pa mtengo n'kuwafunsa za mafuta ophikira, ndipo Amalawife, mwaulemu wathu, tidzakuuza kuti "ndi abwino ndithu" ngakhale sitidzawagulanso. Wofunsa ayenera kumva chimene sichinanenedwe: kuzengereza, kuyang'anana, kuseka kobisa. Safunsa anadya phula, inde, koma wofunsa n'kudziyankha yekha amadyanso phula lomwelo.

Chachitatu ndi kampeni ya upulifekiti, kumene ana amaphunzira kuti ukhoza kulonjeza nyama kawiri pa sabata, n'kusankhidwa, osakwaniritsa, moyo n'kumapitirira. Pa malonda chikomekome cha mkuyu chimagwira kamodzi kokha. Wogula akatsegula n'kupeza nyerere sabweranso, ndipo amauza mudzi wonse, masiku ano pa gulu la WhatsApp. Kulinso malamulo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa, ndipo la Malawi Bureau of Standards limaona ngati katundu akufanana ndi zimene zalembedwa pa paketi. Mnyamata wa shuga uja, ndikakumbukira bwino, supuni yake inali yodzaza nthawi zonse. Mwina n'chifukwa chake tinkamunena koma osamusiya.

Za foni ndi kompyuta ndingonena mwachidule. Masukulu ambiri saloleza mafoni, ndipo ma CDSS ambiri alibe makompyuta okwanira, ena alibe ndi magetsi omwe. Kusiyana kumeneku n'koona ndipo kumapweteka. Komabe kuika chithunzi pa Facebook kapena kanema pa TikTok munthu amaphunzira m'masabata ochepa, ndipo zida zimenezi zimasintha chaka ndi chaka. Chovuta kuphunzira ndi kudziwa choti unene ndi woti umuuze. Amene ali ndi mwayi wa kompyuta, m'malo mothera nthawi yonse pa zithunzi, aphunzire Excel, pulogalamu yosungira ndi kuwerengera manambala.

Khomo lolowera

Zonse tanenazi sizichotsa mfundo yowawa yakuti pepala limafunika. Pa MSCE malikisi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a zamalonda amayang'ananso masamu. Choncho wothawa masamu mu fomu 3 akudzitsekera yekha khomo limene akufuna kudzalowera. Sukulu imene kale inkatchedwa Polytechnic ku Blantyre, imene inaima payokha mu 2021 n'kukhala MUBAS, ndi imodzi mwa zodziwika pa maphunziro a bizinesi, ndipo mayunivesite ena a mipingo ndi a anthu wamba nawonso amaphunzitsa. Ena amadzera njira ya mayeso a Chartered Institute of Marketing, bungwe la ku Britain limene linayamba mu 1911 ngati gulu la mamanejala a ogulitsa. Njira imeneyi imalola munthu kuphunzira akugwira ntchito, koma malipiro ake ndi a ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa amakwera nthawi yomweyo.

Ntchito yoyamba kawirikawiri si ya mu ofesi. Ndi yoima mu sitolo ndi thebulo laling'ono kulawitsa anthu chakumwa chatsopano, yolembetsa ma SIM card pa msika, yoyenda ndi galimoto ya katundu kuchoka ku Limbe kukafika ku Nsanje ukutsitsa makatoni m'magolosale, kapena yoyenda khomo ndi khomo ndi mafunso a kafukufuku. Ena amaiona ngati yonyozeka, makamaka amene ali ndi digiri. Koma kumeneko ndi kumene munthu amadziwira chifukwa chake mwini okala amaika katundu wina kutsogolo wina kuseri, tsiku la msika pa Lizulu kapena pa Jenda limasintha bwanji malonda a sabata, ndi chifukwa chake anthu amatcha mankhwala alionse otsukira mano kuti Colgate ngakhale akugula a kampani ina.

Kwa amene akadali pa sukulu, chinthu chotsika mtengo chimene angachite ndi kugula kope la masamba 40 n'kumalembamo. Ngati mukugulitsa mafilizesi, lembani kuti Lolemba munagulitsa angati, kunja kunali bwanji, mtundu uti unayamba kutha. Ngati munakonza chionetsero, lembani ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka, anthu amene anabwera, ndi chimene mukanasintha. Sungani positala imene munajambula ndi kalata imene munalembera mwini golosale uja, pamodzi ndi yankho lake ngakhale linali lokana. Tsiku la intavyu akadzati "tatiuzeni nthawi imene munakopa anthu kuti agule kanthu," ena onse adzayamba kulakatula ma 4P. Inu mudzatsegula kope lija pa tsamba la teremu yachiwiri ya fomu 3, pamene munasamutsa beseni kuchoka pa geti kupita pafupi ndi bwalo la mpira, malonda n'kukwera kuchoka pa 30 kufika pa 55 pa tsiku, ndipo mudzafotokoza chifukwa chake Lachisanu ankatsikanso.